Chipewa cha Masaya pa Zenera

Kusukulu ankamutcha Kamphepo. Anali mtsikana waliwiro. Ukangophethira, wapita!

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kudziwa kuwerenga. Koma kuwerenga kumafuna munthu wokhala pansi. Kamphepo sankakhala pansi.

Aphunzitsi akalemba "a", Kamphepo ali pampando. Akalemba "e", Kamphepo ali pakhomo. Akalemba "i", pampando palibe munthu!

Ankathamangira kuti? Ankathamangira ku kalasi ya ana aang'ono. Kumeneko kunali mlongo wake wamng'ono. Onse ankamutcha Masaya, chifukwa masaya ake anali onenepa. Kamphepo ankasuzumira pazenera. Akamuona Masaya, ankabwerera. Pakapita kanthawi, ankathamanganso.

Anzake anafika pakati pa buku. Kamphepo anali akadali pa tsamba loyamba.

"Mwana uyu ndi wosamva," Aphunzitsi anadandaula. "Akapitiriza chonchi, sadzadziwa kuwerenga."

Anamupatsa tsache. Kamphepo anasesa, kenako anathamanga. Anamukhazika kutsogolo. Kamphepo anathamangabe.

Tsiku lina Aphunzitsi anatseka chitseko. Anaika mpando wawo pachitsekopo.

"Lero tiona," anatero.

Kamphepo anayang'ana chitseko. Mtima wake unagunda, gu! gu! gu! Analowa pansi pa desiki. Anadzipinda ngati kamwana ka mphaka. Sanalire.

Aphunzitsi anaona. Mtima wawo unawawa kwambiri.

"Uku si kusamvera," anaganiza. "Awa ndi mantha."

Anachotsa mpando. Anatsegula chitseko. Anauza ana ena kuti azijambula. Kenako anakhala pansi, pafupi ndi desiki ija. Aphunzitsi athunthu, pafumbi! Siketi yawo inada, koma sanasamale.

"Pepa, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Ndatsegula. Sinditsekanso."

Anadikira. Anadikirabe. Kenako anafunsa, "Chinakuchitikira n'chiyani?"

Kamphepo ananong'ona.

"Kwathu kunabwera madzi ambiri. Tinathawa. Amayi anati, 'Gwira dzanja la mlongo wako.' Ndinagwira. Koma anthu anali ambiri. Dzanja linapulumuka. Masaya anasowa. Tinamupeza mawa lake."

Tsopano misozi inatuluka.

"Ndikapanda kumuona, ndimayesa wasowanso."

"Sunalakwe ndiwe," Aphunzitsi anatero. "Madzi anali aakulu. Dzanja lako linali laling'ono."

Palibe amene anamuuzapo mawu amenewa. Kamphepo anatulutsa mutu pansi pa desiki.

"Kodi ndiwauze aphunzitsi anzanga?" Aphunzitsi anafunsa. "Akhoza kutithandiza."

Kamphepo anagwedeza mutu kuvomera.

Pa nthawi yopuma, aphunzitsi onse anakumana. Anamva nkhani ya Kamphepo.

Aphunzitsi Aakulu anavula magalasi awo.

"Ife timafulumira kupereka tsache," anatero. "Tsopano tiziyamba tafunsa. Mwana akathawa, tizifunsa. Mwana akamenya mnzake, tizifunsa. Mwana akangoti duu, tizifunsa."

Aphunzitsi a kalasi ya Masaya anakweza dzanja.

"Masaya ali ndi chipewa chachikasu," anatero. "Ndipo zenera langa limayang'anana ndi lanu."

Mawa lake anakhoma msomali pazenera la kalasi ya Masaya. Kho! Kho! Kho! Masaya anapachika chipewa chake pamenepo. Desiki ya Kamphepo anaiika pafupi ndi zenera la kalasi yake.

"Ukaona chipewa, Masaya ali m'kalasi," Aphunzitsi anatero. "Mtima ukagunda, yang'ana. Ukagundabe, ndiuze. Chitseko ndi chotsegula."

Aphunzitsi analemba "a". Kamphepo anayang'ana chipewa. Chinalipo.

Analemba "e". Kamphepo anayang'ana chipewa. Chinalipo.

Analemba "i". Kamphepo analembanso "i" yake. Inali yopindika, koma inali yake.

Tsiku lina Kamphepo anayang'ana pazenera. Pamsomali panalibe kanthu! Mtima unagunda, gu! gu! gu! Miyendo inafuna kuuluka.

"Aphunzitsi, chipewa palibe!"

Aphunzitsi sanakalipe. Anabwera pafupi.

"Tiye tipume limodzi," anatero. "Kokera mpweya mkati. Tsopano uzira pang'onopang'ono, ngati ukuuzira tiyi wotentha."

Kamphepo anauzira. Fuuu. Ana ena anauziranso. Fuuu. Kalasi yonse inali kuuzira tiyi wosaoneka!

"Tsopano pita ukamuone," Aphunzitsi anatero. "Ndikusungira malo ako."

Kamphepo anapita. Sanathamange. Anayenda.

Anasuzumira pazenera. Masaya analipo! Anali kuimba ndi anzake, pakamwa yasa. Chipewa chinali kumutu kwake. Anangoiwala kuchipachika, basi.

Kamphepo anaseka yekha. Anabwerera kumalo ake.

Masiku anapita. Sukulu inasintha. M'kalasi iliyonse anayala kamphasa pakona. Mwana wamantha ankakhala pamenepo mpaka mtima utsike. Palibe amene ankamuseka. Tsache linatsala ndi ntchito imodzi yokha, yosesa.

Tsiku lina Aphunzitsi anagawa mabuku atsopano. Munali nkhani ya mbuzi imene inadya nsapato. Kamphepo anaika chala pa liwu loyamba. "Mbu-zi." Anapita pa lachiwiri. Anapita pa lachitatu. Anatembenuza tsamba. Mbuziyo inali itadyanso sokosi!

Ngwee! Ngwee! Belu linalira. Nthawi yoweruka inakwana.

Panjira Masaya anatupitsa masaya ake. Anali onenepa kale, koma lero anaposa.

Kunyumba anapeza Amayi akuanula zovala.

"Nanga bwanji, bambo wanga?" Amayi anamufunsa. "Wakwiyitsa ndani?"

"Achemwali awa!" Masaya analoza Kamphepo. "Lero sanayang'ane pazenera. Ndinawakodola. Ndinavina. Ndinawatulutsira lilime. Sanandione n'komwe!"

Kamphepo anagwira pakamwa.

"Ndinaiwala," anatero. "Ndimawerenga."

Anayang'ana Amayi mwamantha. Kodi akalipa?

Amayi anaponya zovala m'beseni. Anagwada. Anakumbatira Kamphepo mwamphamvu. Ankaseka, misozi ikutsika.

"Wachita bwino, mwanangu," anatero. "Uziiwala choncho. Kuyang'anira Masaya ndi ntchito ya ife akuluakulu. Iwe ntchito yako ndi kukhala mwana."

Kamphepo anapuma mpweya wautali. Anamva kupepuka thupi lonse.

Masaya anali akadali wokwiya pang'ono.

"Ndiye mundiwerengere zimene munandiiwalirazo," anatero.

Onse atatu anakhala pakhonde. Kamphepo anatsegula buku. Anawerenga za nsapato. Anawerenga za sokosi. Masaya anaseka mpaka kugwa chagada.

"Kenako inadya chiyani?" Amayi anafunsa.

"Dikirani, Amayi," Kamphepo anatero. "Khalani pansi bwinobwino. Sindinamalize."