Mluzu wa Pamlatho Wakale

Injiniya anatuluka mochedwa pageti la kampani yomwe anakafunsirako ntchito. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake tsiku limene anavala gauni kukoleji, ndipo linakakamira, ngakhale kuti chimalizireni maphunziro a zamadzi, mtsikanayu anali asanagwirepo mpope wa munthu. Tsikulo anakhala pabenchi kuyambira m'mawa pamodzi ndi anzake onyamula maenvulopu akhaki. Atamuitana, bwana anamufunsa mafunso maso ali pafoni, n'kumuuza kuti adzamuimbira. Mawu amenewo Injiniya ankawadziwa ngati nyimbo ya kutchalitchi.

Minibasi zinali zitatha. Anavula nsapato zazitali zomwe zinamutupitsa zala, n'kuuyamba wapansi.

Mdima sankauopa. Ankaopa nkhope ya mayi ake, omwe ankangoimitsa makina osokera iye akamalowa, kumuyang'ana, kenako n'kupondanso. Bambo anasiya kuyendetsa lole maso atayamba kuvuta. Mng'ono wake anali atakhala pakhomo teremu yonse posowa fizi, yunifolomu ili pamsomali. Nyumba yonse inkadikira iye.

Pamlatho wakale, pomwe magetsi a mumsewu amathera, anaima. Anatsamira chitsulo, envulopu ili m'khwapa, n'kumayang'ana madzi akuda akudutsa pansi. Misozi inabwera yokha, ndipo anakhalitsa pamenepo kuposa mmene ankafunira.

Kenako anamva mluzu.

Unkachokera kumbuyo. Nyimbo yovinira, yachikale. Anacheuka. Panalibe munthu. Anayamba kuyenda. Mluzu unayandikira. Anafulumiza... mluzu uli pakhutu. Mapazi osamveka. Thupi lonse linachita tsembwe. Anaima.

"Asisi, musathawe. Ndilibe mpeni ine, ndanyamula chimwemwe chokhachokha."

Anali mnyamata wa msinkhu wake, wamtali, wa mpata pamano akutsogolo. Jekete lomwe anavala likanakwana anthu awiri, manja ake anachita kupinda. Ankaseka ndi nkhope yonse.

"Jeketeli musaliseke, ndi la alamu anga, la ukwati. Koma lagwira ntchito yake. Andilemba, asisi! Kufakitale ya nsapato. Ndiyamba Lolemba."

Injiniya anakumbuka kuti fakitale imeneyo inatsekedwa iye ali kupulayimale.

Mnyamata uja anasuzumira envulopu ija. "Nanunso akuti mubwere mawa eti? Ine mawa ameneyu anandithera nsapato. Kwina mlonda anafika pondipatsa mpando wake, ati ndimafika m'mawa kuposa abwana. Kwina anandithamangitsa ndi galu, koma pobwerabwera galuyo anasanduka mnzanga, n'kumandiperekeza."

Injiniya anaseka asakufuna. Chinali chiseko choyamba mwezi wonsewo.

"Eya, sekani. Akukanani ndi iwo, inuyo musadzikane. Ndipo madziwo musamawayang'anitse choncho, salemba ntchito amenewo. Bwerani tivine, mwayi wangawu ukupakeniko."

Anayambanso mluzu uja, mapewa akugwedera m'jekete muja, mawondo akupita uku mapazi uko. Kavinidwe koipa chotero Injiniya anali asanakaone. Anaseka mpaka nthiti kuwawa, kenako anaika nsapato pansi n'kulowa nawo. Anavina choloza kutsidya, iye wopanda nsapato, envulopu ili m'mwamba ngati mbendera. Mtima unapepuka. Anakumbuka kuti ali ndi mutu wabwino, miyendo iwiri, ndi mageti ambiri omwe sanawagogode.

Mwezi unatuluka m'mitambo. Anayang'ana pansi.

Chithunzithunzi chinali chimodzi. Chake chokha.

Mluzu unaleka. Mnyamata uja anali ataima pomwe mlatho umathera, akumwetulirabe.

"Ine ndimathera pano. Ndimati ndikawauze achemwali anga, koma mlathowu sutha. Inu mukafika. Nyumba ya telala, yachitseko chobiriwira, kuseri kwa chigayo. Mukawauze kuti anandilemba. Mukawauzenso kuti ndinangoterereka. Mvula inali yambiri, ine ndikuvina."

Mnyamatayo anamugwira paphewa. Dzanja lozizira, lonyowa. Injiniya anaphethira...

Panalibe munthu.

Anathamanga osacheuka. Nyumba ya telala yachitseko chobiriwira inali yakwawo.

Anapeza nyale ikuyakabe, mayi ali pamakina, bambo akuwodzera pampando. Anafotokoza zonse akupumira m'mwamba, za mluzu, za fakitale, za kuterereka. Phazi la mayi linachoka pachopondera.

"Mpata pamano?" anafunsa bambo, tulo titabalalika. "Jekete lalikulu, manja opinda?"

"Eya, bambo. Akuti ndi la alamu ake."

"Langa limenelo," bambo anatero motsitsa mawu. "Mwanawe, amenewo ndi amalume ako. Tinkawatcha Kamluzu. Tinawavuula mumtsinje uja iwe usanabadwe, jekete lili m'thupi."

Mayi anagwira pakamwa. Zaka zonsezo anthu ankanong'ona kuti mlongo wawo anadziponya yekha mumtsinje chifukwa chotopa ndi kufuna ntchito, ndipo mayiwo anakhulupirira. Dzina lake silinkatchulidwa m'nyumbamo. Misozi inadontha pansalu ya kasitomala. Kenako mapewa anayamba kugwedera. Ankaseka.

"Ankavina," anatero. "Chitsiru chija chinkavina. Abambo ake, mwamva? Anamulemba." Anadzuka n'kumukumbatira mwana wawo mwamphamvu. "Iwe, zamawa tiziona mawa. Tandionetsa, amavinabe ngati nkhuku yothyoka mwendo?"

Injiniya anawaonetsa, mawondo uku mapazi uko. Bambo anayamba kuomba m'manja, mng'ono wake anadzuka akutikita m'maso n'kulowa nawo asakudziwa chomwe akuvinira. Phokoso linakula mpaka mayi a nyumba yoyandikana ndi yawo anagogoda pawindo.

"Atelala, kwagwanji usiku uno? Injiniya wathu wapeza ntchito?"

"Ayi, anzanga, yake ikubwera," mayi anayankha akupukuta m'maso. "Wapeza ntchito ndi mlongo wanga. Uthenga ndi umene unachedwa panjira."