Womasula Maphukusi a Ernestina

Zinayamba ndi kuchedwa chabe. Ernestina, mphunzitsi wa pasukulu ina ku Ngauma, anali atangoitenga kompyuta yake kwa Ivanildo, wokonza mafoni ndi makompyuta ku Cuamba, amene anaiyeretsa n'kuiikira antivirusi. Chibwerereni, tsamba lililonse la pa intaneti linkatseguka ngati likukokedwa m'matope, ndipo kompyutayo inkalira chapansipansi ngati munthu wopumira m'bulangete.

Ernestina anali ndi chinsinsi. M'bere lake lamanzere munali kachotupa kolimba ngati njere ya bwemba, ndipo sanauze aliyense, ngakhale mwamuna wake amene ankagwira ntchito ku Lichinga. Kukada, ana akagona, ankatseka chitseko, kulumikiza foni ku kompyuta, n'kumawerenga za matendawo. Chomwe chinkamulimbitsa mtima ndi kaloko kooneka pamwamba pa tsamba: anamva kuti kakakhalapo, zolemba zimayenda zomangidwa, palibe wozisuzumira.

M'mawa wina kumjigo, Mayi Asima, oyandikana naye nyumba, anamugwira mkono n'kumunong'oneza.

"Aprofesora, musazengereze nazo. Za m'bere sizichedwa kufalikira."

Ndowa inatsala pang'ono kumupulumuka. "Mwamva kwa ndani, mayi?"

"Anthu akunena."

"Anthu ake ati?"

Mayi Asima anakwinya nkhope, akufufuzadi m'mutu mwawo. "Ndaiwala. Zikukhala ngati ndinangodzuka ndikudziwa."

Usiku umenewo Ernestina anadina kaloko kaja. Dzina lomwe linatuluka silinali la tsamba la zachipatala limene ankawerenga, koma la antivirusi. Anazindikiranso kanthu kena: akangoyamba kulemba, nkhululu za kuseri kwa zenera zinkaleka kulira, akasiya zinkayambiranso. Anayesa kangapo. Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo kompyuta inapitiriza kupuma ngakhale ataitseka.

Loweruka anakwera minibasi ya chapa, kudzera ku Mandimba mpaka ku Cuamba. Ivanildo anamumvetsera akupukuta manja m'kansanza.

"Si ufiti, aprofesora. Mukuwadziwa a alifandega, ofufuza katundu pamalire paja? Phukusi lililonse amalimasula, kuona ngati mulibe choopsa, n'kulimanganso. Antivirusiyi imachita zomwezo ndi masamba anu, kenako imaika loko yakeyake. N'chifukwa chake ikuchedwa."

"Ndiye imawerenga zonse?"

"Makina amawerenga. Munthu ayi."

"Nanga inu?"

Ivanildo anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. "Ine ndili kuno, inu muli ku Ngauma. Koma kunena zoona, eni ake amene anaipanga sindiwadziwa, ndipo zomwe imawatumizira sindinazionepo. Ndikhoza kuiletsa kumasula. Ikhala yachangu, phukusi lizifika lili chimangire. Kungoti choipa chikabisala m'katimo, chilowa m'nyumba popanda wochiona."

Ernestina sanadziwe choopsa kwambiri n'chiti, mlonda wosuzumira kapena khomo lopanda mlonda. Pomaliza anati, "Iletseni."

Anafika kwawo kutada, fumbi lili thupi lonse. Ana atagona anayatsa kompyuta, ndipo masamba ankatseguka msangamsanga, kupuma kuja kutatheratu. Anadina kaloko, dzina linali loyenera. Mtima unakhalako pansi, mpaka anaganiza zoti mwamuna wake amve nkhaniyi kwa iye mwini, asanaimve m'kamwa mwa anthu.

Anayamba kumulembera kuti, "Bambo a Saide, pali nkhani imene..." Zala zinaima, mawu atamusowa.

Nkhululu zinali zii. Kuseri kwa zenera, pafupi kwambiri ndi khoma, munthu anameza malovu, n'kunong'ona mosathamanga, ngati wowerenga zolembedwa pabolodi.

"...imene ndakhala ndikukubisirani."

Ernestina anatenga tochi n'kutuluka. Anazungulira nyumba yonse. Panalibe munthu, ndipo pamchenga wosesedwa madzulo omwewo panali mapazi ake okha. Kwa Mayi Asima kunali mdima.

Anabwerera m'nyumba, anazimitsa kompyuta ndi foni yomwe, nakhala pamphepete pa bedi. Mawu aja anayambiranso pomwe analekezera. Ananena za kachotupa, za mantha ake, za ulendo wa kuchipatala umene ankauzengereza, zonse monga mwini wake akanazilembera. Kenako anapitirira pamene maganizo ake anali asanafike.

"Ana muwapititse kwa achemwali anu ku Mandimba. Saide asasiye sukulu."