Mphini za a Gwedeza

Dongo linafufuma patebulo. Panatuluka mphuno, kenako milomo. Pasanathe mphindi zisanu, makina otchedwa Chiumbankhope anali ataumba mutu wa munthu. Makinawa ankayang'ana chithunzi, n'kuganiza okha, n'kuumba nkhope yofunda ngati ya wamoyo. Munali m'chaka cha 2068, pachionetsero cha zaluso ku Zomba. Chikwangwani cha "Musagwire" anali atachichotsa kuti osaona nawonso aone ndi manja.

Mayi Nangondo, amene anachita khungu ali mtsikana, anabweretsa chithunzi chokhacho cha malemu amuna awo, a Gwedeza. Zaka makumi atatu ankawadziwa ndi zala.

"Gwirani, mayi," anatero Mwandida, woyang'anira chionetserocho. "Saluma."

"Alume ndi chiyani? Anatsala ndi mano atatu awa."

Anagwira. "Mayo ine! Akufunda!"

Chibwano chinali chomwecho, makutu aakulu aja omwewo. Koma zala zitafika pambali pa diso zinaima.

"Mphini zili kuti? Anawatema zitatu ali mwana, mutu utawavuta."

Mwandida anafunsa makinawo. Anayankha mwaulemu: "Ndinaona timizere pachithunzi. Ndinayesa kuti pepala linakandika, ndiye ndinakonza nkhope ndi chithunzi chomwe."

"Wakonza amuna anga? Anakuuza ndani kuti ndi owonongeka?"

"Pepani, mayi," anatero Mwandida. "Mzere ndi wautali, koma tsiku lotseka tidzazibwezera. Mudzangotilozera pomwe zinali."

Mayi Nangondo anachoka akulalata, nati sadzapondanso pamalopo. M'mawa mwake anabwera. Tsiku lotsatira anabweranso. Ankakhala mpaka masana, manja ali pamasaya ofundawo, akuwauza a Gwedeza za denga lodontha ndi za mdzukulu amene anabadwa iwo atamwalira kale.

Patatha milungu itatu, tsiku lotseka litafika, Mwandida anayatsa Chiumbankhope.

"Tilozereni tsopano. Zinali mbali iti?"

Chala chinapita kumanzere. Chinabwerera kumanja. Chinakwera pamphumi, n'kutsikanso.

"Dikira, mwana wanga. Usandifulumize."

Palibe amene ankawafulumiza.

"Zinali apa... ayi. Bambo, ndiuzeni inu. Zinali kuti?"

Dongo linangofunda. Paliponse pamene ankagwira, ngakhale m'maganizo, ankangopeza nkhope yosalala ija.

"Zimitsa," anatero motsitsa mawu.

Imfa inawasiyira mphini zija m'zala kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Makina aulemu aja anazitenga m'milungu itatu.