Zilembo Zimene Zinkakula Zokha

Mayi wokonza zithunzi za maukwati anayamba kuona zachilendo Lolemba m'mawa. Atayatsa kompyuta yake ya patebulo, anapeza zilembo zonse pa sikirini zitanenepa, kuwala kukuthobwa m'maso. Chonsecho anali atatha sabata yathunthu akusintha makonzedwe a khadi yoyendetsa zithunzi m'kompyutamo, kuti mtundu woonekera pagalasi uzikhala womwewo wotuluka papepala. Anabwezeretsa zonse, n'kuiwalako.

Lachiwiri zilembo zinakulanso. Lachitatu zinanyanya, ndipo pa zithunzi zimene anasindikiza, diresi loyera la mkwatibwi linatuluka lotuwa ngati phulusa. Eni ukwati anazibweza.

Wokonza makompyuta amene mayiyo anamuitana anatsegula bokosi la kompyutayo, anauzira fumbi, kenako anapukusa mutu. "Khadi ili bwinobwino, mayi. Izi sizisintha zokha. Pali dzanja la munthu."

La ndani? M'nyumbamo ankakhala awiri okha, iye ndi mwamuna wake, dalaivala wa basi, amene ankanyamuka kusanache ndipo kompyutayo ankailambalala ngati galu wolusa. Mnzake woyandikana naye nyumba anamunong'oneza mayiyo kuti makina ogula kwa ena, ngati akewo, nthawi zina amabwera ndi mizimu ya eni ake akale.

Lachinayi mbandakucha anamva mwamuna wake akuvala nsapato, anamva chitseko chakunja chikutsekeka monga mwa masiku onse. Nyumba inati zii. Patapita kanthawi, m'chipinda chogwirira ntchito munayamba kulira kamphepo ka kompyuta, ndipo kuwala kobiriwira kunakwawa pansi pa chitseko. Kenako kunamveka mawu otsika, okoka, ngati a munthu wodwala.

"E... F... P... T..."

Mayiyo anadzuka. Anayenda chogwira khoma, nakankha chitseko pang'onopang'ono.

Pakona ya chipinda panaima mwamuna wake, yunifolomu ili m'thupi, chikhatho chitaphimba diso lamanzere. Pa sikirini panali mizere ya zilembo yoyezera maso.

"Bambo, si munapita inu?"

Dalaivala anatsitsa dzanja, nayang'ana pansi. "Chitseko ndimangotseka kuti muziyesa ndapita. Mwezi wamawa atiyeza maso kuntchito, mayi. Mzere wachinayi sindikuuona. Ndinkaonera mmene mumasinthira, ndiye ndimati ndikakulitsa zilembo pang'ono n'kuwonjezera kuwala mwina uoneka." Anavula chipewa. "Tsiku lililonse ndikukulitsa."

Mantha onse anatha, ndipo mayiyo anakhala pampando. Anafuna kukalipa za diresi lija, koma anaona mmene bambo wamkuluyo ankapotokolera chipewa m'manja.

"Ndiye mwakhala mukunyamula anthu m'basi maso ali chonchi?"



Mayiyo anabwezera zilembo pa msinkhu wake weniweni, anaimirira, namuvula jekete. "Lero simuyendetsa. Imbani foni kuntchito, kukacha tipite kwa dokotala wa maso."

"Akandipatsa magalasi, simudzandiseka?"

"Ndidzakusekani ndithu," anatero akumugwira dzanja. "Koma inu mudzandiona bwinobwino ndikuseka."