Thumba la M'kati mwa Jekete

Anthu onse atatuluka m'holo, Wamafilimu anatsalira yekha kukolopa magazi. Sanali magazi enieni, anali madzi a shuga owiritsa osakaniza ndi utoto wofiira, amene osewera ake anawaza oonera akutsogolo filimu itatha. Mwini holo anali atanenetsa kuti akapeza nyerere m'mawa, zoonetsanso aiwale. Pamene ankamaliza, basi yomaliza inali itapita kalekale. Anakoleka chikwama paphewa, muli jekete yamagazi ya m'filimu ija, n'kuuyamba wapansi.

Usiku umenewo zinali zitamuyendera. Filimu yake yoyamba, ya akuba awiri opusa amene amangopha anthu mosafuna n'kumasowa kobisa mitembo, inaseketsa anthu mpaka kugwira nthiti. Mutu unagubuduzika m'khitchini, anthu anaseka. Dzanja linapezeka mufiriji, anasekanso. Koma pamene holo inachita kugwedezeka ndi pa telala: akuba akumubaya pamlatho, iye osalirira moyo, koma kumangokuwa kuti chonde jekete yokha musaidetse. Bambo wina anachita kugwa pampando.

Nkhani ya telalayo sanaipeke yekha, ndipo apa ndi pamene pankamuluma. Anaimva kwa mayi a nyumba imene ankachita lendi, mayi osoka zovala amene kwa zaka zitatu ankamutcha mwanangu, kumusungira chakudya ndi kumukalipira akachedwa. Tsiku lina iye atadwala, mayiwo anakhala pambali pa bedi lake n'kumuuza zimene sankauza munthu: kuti amuna awo, telala, anaphedwa ndi achifwamba pamlatho zaka makumi awiri zapitazo, ndipo mlonda amene anamva ali chapatali anati munthuyo ankangochonderera za jekete. Mayiwo ankalira. Wamafilimu, thupi lili kutentha, chamumtima anati, koma izi ndiye zikhoza kuseketsa. Anthu olemba ndi otero, amatola ndi pamaliro pomwe.

Choipitsitsa n'chakuti jekete ya m'filimuyo anasoka ndi mayi omwewo, osafunsa ntchito yake. Ndipo mawa, tsiku lachiwiri loonetsa, anali atawalonjeza mpando wakutsogolo. Sabata yonse ankadzinamiza kuti sadzazindikira: wosewerayo ndi wonenepa, mlatho anajambulira wina. Sadzazindikira.

Anadutsa masitolo otseka, galaja ya galu waukali uja, ndi malo ogulitsira mafuta pamene panathera magetsi a mumsewu. Kutsogolo kunali mlatho, weniweniwo. Tsiku lililonse ankaudutsa ali m'basi, maso pafoni, koma wapansi anali asanaupondepo usiku. Anayesa kuimba mluzu. Milomo inakana.

Pakati pa mlatho panaima munthu.

Anali bambo woonda, wachipsera pachibwano, atavala malaya okha m'kuzizira konseko, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Wamafilimu anapereka moni. Bamboyo anayankha mwaulemu, n'kunena kuti ayendere limodzi, malo ano si abwino kwa munthu mmodzi.

Anayamba kuyenda. Wamafilimu anatchera khutu. Nsapato zake zinkamveka, go, go, go. Za mnzakeyo... zii.

"Anaseka?" anafunsa bamboyo.

"Pepani?"

"Pa telala paja. Anaseka?"

Wamafilimu anavomera ndi mutu, n'kudziuza kuti ameneyu ayenera kuti anali m'holo. Inde, anali m'holo basi. Bamboyo anatambasula dzanja, n'kupempha kuti aone chimene chili m'chikwama. Sanamuuze munthu kuti muli chiyani! Komabe anatsegula, manja ngati si ake. Zala zawo zinakhudzana. Kuzizira kwake... ngati chitsulo chogona panja.

Bamboyo anaitembenuza jekete ija mwaluso, n'kutsata msoko ndi chikhadabo, mumdima womwewo. Atafika pathumba la m'kati anamwetulira.

"Amabwezabe ulusi kawiri apa. Sanaiwale."

Kunamveka fungo la nsalu yongosita kumene. Mphepo inasiya. Madzi a pansi pa mlatho nawo anakhala chete.

"Munthu uja sankalirira jekete, bambo. Jekete ndi nsalu chabe. M'thumba umu munali kadiresi koyera. Ndinakaso... anakasoka mausiku atatu, mobisa, kuti akamudzidzimutse mkazi wake. Anali woyembekezera, mwezi wake utayandikira."

Wamafilimu anaweramitsa mutu. Maso ake anatsikira m'nthiti mwa bamboyo. Malaya anali onyowa. Akuda bii. Chinachake chinkadontha pasimenti... tho... tho... tho...

Zaka zisanu wakhala akuphika magazi m'poto. Awa sanali ophika.

"Anuwa musadandaule nawo," anatero bamboyo, akumubwezera jekete ataipinda bwinobwino. "Ndi a shuga. Achoka ndi madzi ozizira. Enawa pansalu yoyera sachoka."

Wamafilimu anaweramira chikwama. Pokweza mutu... panalibe munthu! Kutsogolo mbee. Kumbuyo mbee. Fungo lokha la simbi.

Anathawa. Anagwa, anadzuka, anathawanso, chikwama chikumumenya kumsana. Atafika pamene magetsi anayambiranso, mpweya unamuthera, ndipo mantha aja anasanduka manyazi. Manyazi oopsa kuposa mantha. Kaya munthu uja anali mbale wa malemu, kaya mlonda uja, kaya chiyani, zimene ananena zinali zoona, mtima unamuuza choncho. Iye anatenga mawu omaliza a bambo woteteza chovala cha mwana wake n'kuwasandutsa nthabwala, naikapo ndi nyimbo yovinitsa. Anaganiza kuti akangofika atsegula kompyuta, adule gawo lonselo kusanache, anthu adandaule ngati akufuna. Kenako m'mawa agwada pamaso pa mayi aja n'kuulula zonse. Mphindi zinayi zokha za filimu. Nthawi inalipo.

Atakhota pangodya anaona kuti pabalaza pakuyaka nyali. Pakhomo panali nsapato za mayi aja, zakuda zija zopitira kokayenda, zili ndi matope aawisi.

Anawapeza atakhala pafupi ndi makina awo osokera, atavalabe diresi yabwino imene anati adzavala mawa. Patebulo panali tikiti yong'ambidwa pakati. Anafotokoza modekha, osamuyang'ana, kuti mtima sunawalole kudikira mawa. Anafuna aone ntchito ya mwana wawo tsiku loyamba lenilenilo, ndiye anagula okha tikiti n'kukhala kumbuyo kwenikweni kuti asamusokoneze. Pa za mitu ndi manja zija anatseka maso, koma anasekako pang'ono. Kenako inafika jekete imene anasoka ndi manja awo.

"Anthu anaseka kwambiri," anatero. "Mtsikana amene ndinakhala naye pafupi anachita kundigwira phewa."

"Amayi, ndikadula. Usiku uno womwe ndika..."

"Mudulanso chiyani? Ndaona kale."

Wamafilimu anagwada. Mayiwo anakoka kabokosi kamene kanali pamiyendo pawo, kamene iye anali asanakaonepo. Anatulutsamo kadiresi kakang'ono, kosokedwa bwino kwambiri, koyera kale koma tsopano kotuwa, kali ndi banga lalikulu lofiirira pachifuwa. Anati apolisi anakapeza m'thumba la m'kati. Za kadiresika sanauzepo munthu, ngakhale Wamafilimuyo tsiku limene anadwala lija, chifukwa mwana woti akavale anabadwa sabata ya maliro ndipo sanalire n'komwe.

"Munali kadiresi..." Wamafilimu ananong'ona. "Anasoka mausiku atatu."

Mayiwo anamuyang'ana koyamba usiku umenewo, koma sanafunse kuti wazimva kuti. Anangopisanso m'kabokosi n'kuika chithunzi chakale patebulo, pafupi ndi nyali.

Bambo woonda, ataima pakhomo la shopu. Chipsera pachibwano. Tepi m'khosi.

"Telala wanu ndi ameneyu," anatero. "Sanali wonenepa. Zaka makumi awiri ali m'manda, ndipo sanasekedwepo ndi munthu mpaka lero."

Wamafilimu anachiyang'anitsitsa chithunzicho. Anafuna kuwauza kuti wakumana ndi amuna awo pamlatho, kuti amwetulira ataona ulusi wobweza kawiri, kuti akuukumbukirabe msoko wawo. Mwina zikanawatonthoza. Koma ndani akanakhulupirira munthu amene amadya za nkhani zopeka? Zikanangomveka ngati wayamba kulemba filimu ina.

Mayiwo anapinda kadiresi kaja, anabweza chithunzi, n'kuimirira pang'onopang'ono atagwira tebulo.

"Chakudya chanu chili m'khitchini, bambo," anatero, n'kulowa kuchipinda.

Wamafilimu anakhalabe chogwada, kudikira mawu amodzi aja, akuti mwanangu, amene ankamva usiku uliwonse kwa zaka zitatu. Anangomva kiyi akutembenuka. Pansi, nyerere zinali zitayamba kale kulowa m'chikwama.