Wopanda Mawu Pakhomo la Olívia

Felizardo anamuona koyamba Olívia podikirira minibasi ya chapa ku Furancungo, atakhala pa thumba la mbatata, dzanja lili pachifuwa.

"Mana, simukupeza bwino?"

"Mtima wangawu ulibe dongosolo. Umathamanga, kenaka nkudukiza ngati waiwala njira."

"Ndiye ndiuperekeze mpaka ku Tsangano," anatero Felizardo, nachita manyazi ndi mawu ake omwe. Olívia anaseka.

Chikondi chawo chinakulira m'mauthenga a pafoni.

"Duwa langa, ndikagulitsa fodya nditumiza ankhoswe kwanu. Sindidzakusiya."

Fodya asanakhwime, Olívia anatumizidwa ku chipatala chachikulu cha kutali. Madokotala analowetsa kachingwe mumtsempha wa pantchafu mpaka mumtima, nawotcha kamalo kamene kankasokoneza kugunda kwake. Atabwerako analemba:

"Amor, ndachira! Koma adokotala ati thupi likatentha, kapena ndikamva kuwawa pomeza, ndibwerere msanga. Balalo likhoza kuboola njira ya chakudya."

Patapita masabata angapo, unabwera uthenga wina.

"Feli, ndikunjenjemera. Ngakhale madzi akundilasa pachifuwa. Amalume akuti ndi malungo."

Felizardo anakwera njinga yamoto. Pakhomo anapeza a Sebastião, malume ake a Olívia, akusankha mbewu ya nyemba. Felizardo ananjuta patali, chipewa chili m'manja.

"Pepani bambo, awa si malungo. Adokotala anachenjeza kuti..."

"Kodi inu ndinu yani pakhomo pano? Nkhoswe yanu tinaiona liti? Mbumba ndi yanga iyi. Mankhwala a malungo wamwa kale."

"Feli!" anaitana Olívia ali m'nyumba, nayamba kutsokomola.

Akanatani? Mwamuna wosadziwika amamunyamula bwanji mwana wa eni ake? Anayang'ana chitseko, anayang'ana nkhalambayo, nabwerera kwawo ku Chidzolomondo kukatenga malume ake a iye mwini kuti akhale nkhoswe, amupezere mawu.

Mvula inadula msewu kwa masiku angapo. Pamene ankafika ndi nkhoswe yake, anapeza pakhomo pali zii. Anansi anamuuza kuti Olívia anali atagwa, mbali imodzi ya thupi itafa, ndipo abale anali atathamangira naye kuchipatala.

Felizardo atafika kumeneko, a Sebastião anali pakhonde la chipatalacho, maso ali pansi.

"Adokotala akuti tinachedwa," anatero. "Lowani, akamwini. Ife satiyankha. Kapena inu."

Felizardo anagwada pambali pa bedi.

"Duwa langa, ndabwera nawo ankhoswe aja! Ali panjapa."

Olívia anamuyang'ana nthawi yaitali. Milomo inagwedezeka, koma mawu sanatuluke. Felizardo anagwira dzanja lake lamanja, nalifinya pang'ono, nadikira.

Dzanjalo silinabwezere.