Uchi wa Lachitatu

Telala anafika pamalo osewerera magemu Lachisanu masana, ulusi udakali pamalaya. Anakhala pabenchi n'kuwerenganso uthenga wa Dolo, chibwenzi chake: "Uchi wanga, gemu ya mazombi yatuluka Lachiwiri. Ndalumbira, sindiigwira mpaka tiiyambe awiri."

Mwini uthengayo sankaoneka.

"Asisi, benchiyo muiboola," anatero mnyamata woyang'anira malowo, amene anzake ankamutcha Mabatani. "Tabwerani mundithandize. Gemuyi siyamba ndi munthu mmodzi."

"Ine ndimadziwa makina osokera basi."

"Ndiye zala zanu n'zophunzira kale. Inenso n'koyamba, ndabwera lero kuchokera kutchuthi. Iyi ndi demo ya gemu yatsopano ya mazombi, yongolawitsa. Muphunzire, mukamudabwitse amene mukumudikirayo."

Telala anazengereza, kenako analandira padi yosewerera.

Pasikirini panaoneka fakitale yosiyidwa. Magetsi ankathimathima, ndipo mitembo yoyenda inkabwera ikukoka miyendo. Telala anakuwa n'kuwombera denga.

"Dengalo lafa, asisi! Tsopano yesani mazombi."

"Musandiseke, achimwene! Koma taonani jekete la uyo, analisoka bwino."

Gemuyo inali ndi zolakwika zake. Mfuti inkachedwa kulowa zipolopolo, ndipo zombi ina inakanirira mutu m'khoma, miyendo ikupalasa. Anaseka mpaka misozi. Mwadzidzidzi munthu wa Telala wa m'gemumo anagwa pansi.

"Ndafa! Thawani!"

Mabatani sanathawe. "Mnzako akagwa, umaima pambali pake n'kukanikiza batani ili mpaka adzuke. Nthawi imeneyo sungawombere."

"Ndiyetu akudyani!"

"Adye. Ndine wowonda, sakhuta."

Munthu wa Telala anadzuka. Anali asanafike patali pamene fungo la perefyumu linalowa pakhomo.

"Uchi wanga! Nyenyezi yanga! Pepa, basi inachedwa."

Telala anaulula msanga kuti wailawa pang'ono gemuyo. Dolo anangoseka, n'kulanda padi kwa Mabatani.

Anasewera ngati wobadwira m'fakitalemo. Sanasochere, sanadzidzimuke.

"Usatsegule chitseko chofiira! Kuli chizombi chachikulu!"

"Wadziwa bwanji?"

"Ndinaonera pafoni, mtima wanga."

Telala anakhulupirira. Kodi si iyeyu amene analumbira? Koma mazombi atawazinga pamasitepe, Dolo anaimirira, maso ali pasikirini, n'kukuwa: "Chita ngati Lachitatu lija, uchi wanga! Bisala kuseri kwa migolo!"

Zala za Telala zinaima.

"Lachitatu?"

"Aaa, ndimati..."

"Lachitatu ndinali kusoka diresi laukwati kuyambira m'mawa mpaka kutseka shopu. Unandilembera kuti mutu ukukupweteka. Uchi wa Lachitatuwo ndi uti?"

"Ndi mnzanga chabe. Dzinalo ndimangozolowera."

"Ukuzolowera? Ndiye tilipo angati mumng'omamo?"

Pasikirini munthu wa Telala anagwanso, mazombi akumuyandikira. Dolo anayang'ana sikirini, anayang'ana Telala, kenako anaika padi patebulo.

"Ukapsa mtima sumva. Tikambirana ukazizira."

Anatuluka. Perefyumu yokha ndi imene inatsala.

Telala anagwira pakamwa. Chaka chathunthu! Malaya onse amene anamusokera, mabatani onse amene anamuikira! Dzina lomwe ankalisunga ngati lake lokha, kani linali yunifolomu?

Mabatani anatola padi ija mwakachetechete. Pasikirini, munthu amene Dolo anamusiya anatembenuka, anatsika masitepe n'kuima pambali pa wogwayo.

"Musavutike, achimwene," anatero Telala. "Ndatopa."

"Sindikukufunsirani, asisi. Ndikungokanikiza batani. Kudzuka n'kwanu."

Mazombi anayamba kukhadzula munthu wa Mabatani, koma chala chake sichinachoke pabatanipo. Telala anapukuta misozi ndi mkono. Munthu wake atangoimirira, anawombera. Ulendo uno sanawombere denga.

Anadutsa migolo ija osabisala. Anafika pachitseko chachikulu chofuna anthu awiri, anakoka pamodzi, kuwala kunalowa. Pomwepo demo inatha.

"Basi? Yathera pokoma!"

"Yonse ituluka mwezi wamawa. Sindilumbira kuti sindiigwira, ndi ntchito yanga. Koma padi yachiwiriyi ndingathe kukusungirani."

Telala anamuyang'ana kwa kanthawi. Mabala anali adakali aawisi, koma pakona pa mlomo wake panayamba kumwetulira.

"Tiona mwezi wamawawo."

Sikirini inafunsa dzina la wosewera wachiwiri.

"Ndilembe chiyani?" anafunsa Mabatani.

"Zotsekemera ndasiya, zimaononga mano. Bweretsani kuno."

Anatenga padi n'kulemba yekha dzina lake lenileni, chilembo ndi chilembo. Mabatani analiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kuti asalilakwitse.